Switchi ya makamera ndi geti la kuseri

Ana anga ndi adzukulu anga, za ubwana wanga sindilemba. Ndinaweta mbuzi ngati wina aliyense, ndinapita kusukulu chosavala nsapato ngati wina aliyense, basi. Chimene ndikufuna musunge ndi cha ntchito yanga ya matelefoni, komanso mmene ntchito yomweyo, imene inakulerani, inatsala pang'ono kundilanda mayi anu ine nditapuma kale. Iwe Takondwa, mwana wanga woyamba, nkhaniyi ukuidziwa mbali yako. Mbali yanga sunaimve yonse, ndiye werenga mofatsa, usadumphe masamba monga umachitira.

Chaka choyamba pa ntchito, pa boma la Salima

Ndinayambira pa ekisichenji ya pa boma. Kwa inu a mafoni a m'manja, ekisichenji inali nyumba imene mawaya onse a matelefoni a m'dera ankathera. Kutsogolo kunali makina, kuchipinda cha kumbuyo kunali mabatire akuluakulu atandanda pansi, akununkha asidi. Bwana wanga anali a Msiska, munthu wa kumpoto, wamfupi, wosaseka wamba. Tsiku loyamba sanafunse za satifiketi yanga. Anandilowetsa kuchipinda cha mabatire chija n'kufunsa kuti, "Iwe Mwale, magetsi akathima m'tauni muno, telefoni ya m'nyumba mwa munthu imalira kapena ayi?" Ine ndinati siilira. Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. "Imalira! Moto wake umachokera muno, umayenda mu waya yemweyo amene mumadutsa mawu. Waya mmodzi, mawu ndi moto. Ukaiwala zimenezi ubwerere kwanu ukawedze usipa."

Chachiwiri chimene anandikhomera m'mutu chinali kalembedwe ka manambala. Chingwe chachikulu chikamachoka pa ekisichenji chimakhala ndi timawaya tambirimbiri m'kati, tiwiritiwiri. Lamulo la a Msiska linali lakuti nyumba yapafupi itenge nambala wani, yotsatira thuu, mpaka yakutali kwenikweni itenge nambala yomaliza. Ankati ukatero, ngakhale iwe utafa, mmisiri wina adzadziwa poyambira. Ndinalemba choncho moyo wanga wonse wa ntchito mpaka dzanja linazolowera kulemba lokha. Kukula kwa ekisichenji tinkakuyeza ndi malayini. Malayini akakhala handiredi, onse handiredi ankalandira moto popanda kulandana. Za kuchuluka kwa motowo ankadandaula ndi mainjiniya a ku likulu, ife athu anali malayini.

Zaka zisanu ndi ziwiri ku Chipoka

Nditatha zaka zitatu ananditumiza ku Chipoka ndekha, ndi njinga, makwerero ndi chikwama cha zida. Nthawi imeneyo Chipoka kunali kotentha, sitima ya pamtunda ndi ya panyanja zinkakumana konko, ndipo telefoni ya ku doko ikangofa theka la tsiku, mkulu wa kumeneko ankandisaka mpaka ku tchalitchi. Zipangizo kunalibe. Ukalemba kalata yopempha mapolo khumi, pankatha miyezi inayi n'kubwera atatu. Chiswe chinkadya mapolo kunsi, mphepo ya mwera ikawomba unkangomva kuti layini yagona pansi kuyambira pa mlatho. Timbale toyera timene timagwira waya pa polo titatha, ndinkadula makosi a mabotolo n'kuikapo. A Msiska atabwera kudzayendera anaima pansi pa polo nthawi yaitali, kenako anati, "Zimenezi m'buku mulibe." Ndinadikira kukalipiridwa. Anangoti, "Usawauze a ku likulu, angasiyiretu kutitumizira."

Kumeneko n'kumene ndinapeza mayi anu, aNambewe. Kwawo ndi kumtunda kwa Khombedza, koma ankakhala ndi azakhali awo ku Chipoka, akuchita geni ya usipa. M'bandakucha uliwonse ankasenza beseni kukachingamira mabwato obwera kowedza, ankayanika usipawo, n'kumagulitsa kwa apaulendo pa siteshoni. Tsiku lina ndili pamwamba pa polo pafupi ndi siteshoniyo, pulayala inandipulumuka. Ndinangomva kuti khwe! Poyang'ana pansi, mtsikana watula beseni, wagwira m'chiuno. Anati, "Achimwene, chitsulo chanu chagwera mu usipa wanga. Mutsika, kapena ndigulitse pamodzi?" Ndinatsika. Polo imeneyo ndinaikonza katatu mwezi womwewo, chonsecho inalibe vuto.

Ukwati wathu unali wa chitengwa. Ntchito sikanandilola kukakhala kwawo, choncho ndinapempha kwa mlongo wawo wamkulu, a Jailosi, amene ndi mwini mbumba. Anavomera, koma anandiuza pamaso pa ankhoswe kuti, "Alamu, mwatenga, koma ndi wathu. Zikadzavuta tidzabwera." Ndinayankha kuti eya, mosangalala, monga amayankhira mnyamata amene sakumva chimene akuvomera. Tinamanga nyumba yathu ku Chipoka konko, imene nonse munabadwiramo.

Zaka zomaliza pa ntchito

Kenako anandibweza pa boma, ndipo ndinkayang'anira layini ya mumsewu wa kunyanja mpaka ku Khombedza. Zinthu zinayamba kutha tikuona. Mafoni a m'manja atafika, anthu ankabweza matelefoni awo atakulunga chingwe ngati akubweza mbale ya pamaliro. Akuba nawo ankadula waya wa kopa usana ukuswa mtengo, ukalumikiza Lachiwiri, Lachisanu palibe. Ife otsala anatipititsa kukosi ya masabata awiri kukaphunzira zingwe za makompyuta, ndipo zaka zanga zomaliza ndinazithera m'masiling'i a maofesi ndi malo ogona alendo, ndikukoka zingwe zabuluu. Kumeneko ndinaona koyamba kamera yolowa chingwe chimodzi chokha, yopanda pulagi yakeyake. Injiniya wa ku Lilongwe anayamba kundifotokozera kuti kabokosi kotchedwa switchi kamatumiza moto m'chingwe chomwecho chimene chimanyamula chithunzi. Ndinamudula pakamwa. Ndinati, "Bwana, zimenezo ndi telefoni. Switchi yanuyo ndi ekisichenji yaing'ono." Anaseka n'kuvomera kuti n'zoona ndithu. Ndinachoka pamenepo nditatupa mutu, ndikudziona kuti palibenso chimene angandiphunzitse, ndipo ndinapuma pa ntchito ndili wotupa choncho.

Chaka chachinayi nditapuma, nyengo yozizira

Mayi anu anayamba kuiwala. Poyamba tinkaseka. Ankathira mchere kawiri, ankasaka mpango uli kumutu. Kenako tsiku lina anandiitana ndi dzina la malemu bambo awo, ndipo kuseka kunatha. Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda oiwala a ukalamba, mankhwala ochiza palibe. Zambiri zinachoka m'mutu mwawo, koma chimodzi chinakana kuchoka. Tambala akangolira, ankadzuka, kutenga beseni, kutulukira pa geti la kuseri kulondola kanjira ka kunyanja, ati akachingamire mabwato. Geni anali atasiya zaka khumi zapitazo. Njira zinasintha, anthu anamanga mipanda pamene kale panali poyera, ndiye ankasochera.

Mukudziwa nonse zimene anthu amanena akapeza gogo m'bandakucha pakhomo pa eni, ali mbuu, dzina lake sakulidziwa. Safunsa za chipatala. Amati wagwa pa lichero, ndipo miyala imayamba mafunso asanathe. Chimenecho n'chimene chinkandisowetsa tulo. Ndinayesa loko kamodzi. Anamenya geti lija ndi manja mpaka zala zinatuluka magazi, akulira kuti anzawo awatsogolera. Ndinachotsa lokoyo tsiku lomwelo ndipo ndinalumbira kuti mkazi wanga sindidzamutsekeranso ngati mbuzi. Ana inu ndinkakuuzani pa foni kuti amayi ali bwinoko, akungoiwalaiwala. Ndinkanama. Ndinkawasambitsa ndine, kuwaveka ndine, ndipo ndinkadziwa kuti a Jailosi akamva, adzabwera.

Takondwa sanapusitsike kwenikweni. Anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi katoni ya makamera asanu ndi imodzi, kabokosi kosunga zithunzi, ndi sikirini. Kabokosiko kanali ndi kabelu kolira munthu akadutsa pamalo pamene wasankha. Kamera imodzi inali yaikulu, yozungulira yokha, ati ya ku geti la kumsewu. Chinasowa ndi switchi yopatsa makamerawo moto. Anati, "Bambo, ndituma mmisiri abwere nayo, adzalumikizenso ku foni yanga kuti ndizitha kuona ndili ku Lilongwe." Aa! Mmisiri? Pakhomo panga? Ndinamuuza kuti switchi ndikagula ndekha, zingwe ndikoka ndekha. Za foni yake ndinati netiweki ya ku Chipoka ndi yovuta, sizingatheke. Netiweki inalibe mlandu, mwana wanga. Sindinkafuna kuti uone.

Okutobala chaka chotsatira

Ndinakwera minibasi kupita pa boma, ku shopu ya a Yusufu, bambo wa zaka za m'ma fote amene amagulitsa zamagetsi. Anatulutsa maswitchi awiri n'kuika pa kauntala. Onse anali a mabowo asanu ndi atatu olowetsamo zingwe. Imodzi inali yopepuka, yapulasitiki, yotchipa. Inayo inali yachitsulo, yolemera, yokwera mtengo. Ndinawerenga mabowo ndi chala n'kuloza yopepuka ija.

A Yusufu anafunsa kuti, "Madala, makamera anuwo amadya mawati angati?"

Ndinati, "Makamera sikisi, mabowo eyiti. Awiri otsala. Mundikulungire."

"Wallahi, madala, mabowo si moto. Iyi ili ndi mabowo ambiri koma moto wake ndi wochepa, makamera amachita kugawana. Masana zimayenda. Kukada amayatsa timagetsi tawo toonera mumdima, pamenepo amadya zedi. Muli ndi yozungulira?"

Ndinayankha kuti, "A Yusufu, ine ndinayamba kutumiza moto mu waya inu musanabadwe."

Anandiyang'ana, kenako anatenga jumbo. "Chabwino, madala. Inshallah iyenda."

Ntchitoyo ndinaigwira masiku atatu, ndipo sindibisa, ndinasangalala nayo. Zingwe ndinazikhomera mowongoka, switchi ndinaipachika pabalaza, ndinailumikiza ku batire ya sola kuti magetsi akathima isathime nawo. Pamenepo ndinadzitama kwambiri. Kenako ndinatenga cholembera n'kulemba manambala monga mwa nthawi zonse. Wani, khonde la kumaso, poti ndi lapafupi. Thuu, geti la kumsewu, pa kamera yozungulira ija. Firii, folo, faifi, m'mbali mwa nyumba ndi ku khola. Sikisi, geti la kuseri, lakutali kuposa onse. Kabelu ndinakatchera pa sikisi pomwepo. Ndinayesa dzuwa lili paliwombo, monga tinkayesera malayini tisanaweruke. Timagetsi tonse pa switchi tinayaka tobiriwira, zithunzi zonse zinaoneka, ndinadutsa pa geti la kuseri kabelu n'kulira. Madzulo ndinkathimitsa sikirini kuti batire isathe, ndikudalira kabeluko.

Masiku oyamba ndinkadzukabe ndekha mwachizolowezi, n'kuwapeza asanatuluke m'nyumba. Koma thupi linali litatopa miyezi yambiri, ndipo mtima unali utamva kuti tsopano pali mlonda. Tsiku lakhumi ndi chiwiri ndinagona ngati mwana. Podzidzimuka dzuwa lili pa windo, pabedi pali ine ndekha, beseni palibe. Ndinayatsa sikirini. Zithunzi zonse zisanu ndi chimodzi zinali bwinobwino, geti la kuseri lili pululu. Ndinabweza zosungidwa za sikisi, ndipo munalibe kalikonse kuyambira madzulo mpaka kutuluka kwa dzuwa.

Ndinathamanga, ine wa mawondo awa. Kunyanja kunalibe. Mayi wina wotunga madzi anandiuza kuti kutsidya kwa njanji kuli phokoso, agwira mfiti. Ndinapeza gulu la anthu pabwalo la nyumba ina, ena miyala ili m'manja. Pakati pawo mayi anu anali atakhala pansi, fumbi thupi lonse, pachipumi pakutuluka magazi pang'ono, beseni atalikumbatira. Patsogolo pawo panaima mayi Asiyatu, wogulitsa nsomba, atanyamula mtengo woyanikira ukonde, akukuwa kuti, "Awa ndi aNambewe! Anandiphunzitsa kuyanika usipa ine ndili mtsikana! Akudwala, simukuona? Amene akufuna kuwagenda ayambe ine!" Anthu atandiona anayamba kutaya miyala mmodzimmodzi, ena akuyang'ana kumbali. Ndinagwada pafupi ndi mayi anu. Anandiyang'ana n'kufunsa modekha kuti, "Mabwato afika?" Ndinati afika, tiyeni.

Madzulo a tsiku limenelo ndinakoka mpando n'kukhala patsogolo pa switchi. Kutayamba kuda, ndinamva makamera akuti tiki, tiki, kuyatsa timagetsi tawo. Ndikuyang'ana choncho, kagetsi ka nambala sikisi kanaphethira kawiri n'kuthima. Manyazi amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo pa ntchito zaka zonse zija.

Sabata yotsatira

Nkhani yotere siichedwa. Loweruka a Jailosi anafika, atakalamba nawonso, akuyenda ndi ndodo, Takondwa ali pambuyo pawo. Tinakhala pakhonde. Atatha malonje a Jailosi anati, "Alamu, tabwera. Mwayesetsa, sitikukunyozani. Koma munthu wamkazi akadwala chonchi amadwazikidwa ndi abale ake aakazi, kwawo. Kumudzi aliyense akumudziwa, palibe angamugende." Mwambo unali kumbali yawo, bala la pachipumi linalinso kumbali yawo. Koma ndinkadziwa kuti akapita kumtunda kuja, kumene kulibe nyanja, azikadzuka m'bandakucha kusaka njira imene kulibe, ndipo mapeto ake adzawatsekera m'nyumba. Ndinkadziwanso, ndinene poyera, kuti ine m'nyumba muno ndekha sindingakhale.

Takondwa anafuna kundithandiza. Anati, "Magetsi anathima eti, bambo? N'chifukwa chake kabelu sikanalire?" Anali atanditsegulira khomo lothawira. Kuno magetsi amasenza milandu yonse, palibe akanafunsa kawiri. Koma ndinati, "Magetsi sanathime. Ndinagula switchi yochepa moto, wogulitsa atandichenjeza, ine n'kumunyoza. Geti limene linali lofunika kuposa onse ndinaliika kumapeto. Ndinayesa masana okha. Analakwa ndine." A Jailosi anakweza nsidze, poti chikhalire sanandimvepo ndikunena mawu amenewo. Ndinapempha mwezi umodzi. Ndinati zikalephereka ndidzawaperekeza ndekha ku Khombedza.

A Jailosi anayang'ana Takondwa. Iye anati, "Mwezi umodzi, amalume, ndikuvomera. Koma makamera alumikizidwe ku foni yanga. Netiweki ndayesa pofika, ili bwinobwino." Ananena akundiyang'ana m'maso, mwana ameneyu. Apa ndiye panali povuta kuposa kuvomera kulakwa. Kukana kunali kutaya mayi anu tsiku lomwelo. Kuvomera kunali kumuonetsa zonse zimene ndinabisa chaka chathunthu, zimene ndinkakhulupirira kuti akaziona adzawatenga ndithu. Ndinavomera pakamwa, mtima ukukana.

Lolemba ndinabwerera kwa a Yusufu, switchi yopepuka ija ili m'jumbo yake yomwe ija. Sanandiseke, Mulungu awadalitse. Anandipatsa mpando, anang'amba chidutswa cha katoni, n'kuti, "Tiyeni tiwerenge, madala." Tinalemba kamera iliyonse ndi mawati amene imadya mumdima, osati masana, monga analembera pa bokosi lake. Tinaphatikiza, ndipo anati tiwonjezerepo ena apadera, switchi isamagwire ntchito ili pakhosi. Anatembenuza switchi yachitsulo ija n'kundionetsa pamene analemba moto wake wonse, nambala imene ine tsiku loyamba sindinaiyang'ane n'komwe. Anandiuzanso kuti maswitchi ambiri otere moto ukachepa amayamba kudula bowo la nambala yomaliza kuti oyambirira apulumuke. "Ndiye chimene mumachikonda kwambiri, madala, muchiike pa wani." Anafunsa ngati chingwe cha kuseri sichinapitirire mamita handiredi, komanso ngati ndi cha kopa weniweni. Pamenepo pokha ndinayankha monyada, poti za kopa sangandinamize munthu. Kamera yozungulira ndinaganiza zoichotsa, inkadya ngati makamera atatu ndipo batire yanga inkavutika nayo. Akuba a kumsewu ndinati adzaona okha chochita.

Kunyumba ndinafufuta manambala onse. Geti la kuseri linakhala wani, khonde la kuseri, kumene ndinasamutsirako kamera ina, thuu. Dzanja linkakana, ndithu, linkaona ngati ndikulemba cham'mbuyo. Ndinayesa kutada, ndinathimitsa magetsi a nyumba yonse n'kuyesanso pa batire, ndinadutsa pa geti kasanu, kabelu kanalira kasanu. Pambali pa switchiyo pali bowo lina lapadera lopita ku intaneti. Chingwe chake ndinachigwira m'manja nthawi yaitali ndisanachilowetse. Chitangoti tswii, Takondwa anatumiza uthenga kuti, "Khonde ndikuliona."

Novembala

Masiku anayamba kuyenda mwa dongosolo lake. Kabelu ndinakatcheranso pa khonde la kuseri, kuti kazindidzutsa asanafike pa geti. Kakalira, ndinkadzuka, kuwapeza pakhondepo, kuwakonza chitenje poti ankachimanga mopotoka mwina n'kugwa m'njira, kenako kuwatsegulira geti ndekha. Sindinkawaletsanso. Iwo patsogolo ndi beseni, ine pambuyo, ndikungowakhotetsa pamene njira inasintha. Kunyanja mayi Asiyatu ankawathirira usipa wodzaza manja awiri, iwo n'kuununkhiza, kuudandaula kuti ndi wa dzulo, n'kubwerera kunyumba atakhutira. Masiku otero ndinkalakalaka Takondwa ataona.

Koma panalinso masiku ena, ndipo amenewo ndi amene ndinkabisa. Sabata yachitatu, Lachinayi m'mawa, ndinawapeza pakhonde monga mwa masiku onse. Nditangogwira chitenje kuti ndichikonze, anandiyang'ana ndi maso a munthu amene sanandionepo. Anakuwa kuti, "Ndisiyeni! Ndine mkazi wa mwini ine!" Beseni linandipeza pa khutu. Ndinadzandira n'kugwera pa chipupa, ndipo anandimenyanso kawiri paphewa ndili pansi. Kenako anakhala pa sitepe n'kuyamba kulira, akuitana mwamuna wawo kuti adzawalanditse, akutchula dzina langa. Ndinakhala pansi pomwepo, patali pang'ono, kudikira kuti zidutse, poti ndinkadziwa kuti zimadutsa. Nditakweza maso ndinaona kamera ya nambala thuu ili pamwamba pathu, timagetsi take tofiira tikuyaka.

Foni inalira m'thumba. Ndinaisiya ilire kanayi.

"Bambo, ndaona," anatero Takondwa. Mawu ake anali a munthu amene walira n'kupukuta.

Ndinati, "Eya."

"Zimachitika kangati?"

"Kawiri, mwina katatu pa sabata."

"Chiyambire liti?"

"Chaka chatha."

Kenako anafunsa kuti, "Nanga osanena bwanji?"

Ndinati, "Mukanawatenga."

Ndinamva akupuma. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za chikwama choti ndilongedzemo zovala zawo. Iye anati, "Masabata atatu awa ndakhala ndikudzuka nanu limodzi tsiku lililonse. Ndaona mukuwatsegulira geti, ndaona mukubwerera. Kumudzi kulibe amene angachite zimenezo. Amalume ndiwaimbira lero, koma sindiwauza kuti adzawatenge. Ndiwauza atumize amayi aang'ono adzakhale konko, azikuthandizani kuwasambitsa. Abale aakazi abwere kumene kuli wodwala. Akakana ndilimbana nawo ndine."

"Ndiye chinanso, bambo," anapitiriza. "Chitenje mukumapisira kumanja kwawo. Amayi chibadwire amapisira kumanzere. Inu mukaima patsogolo pawo mumatsata kumanzere kwanu. Mwina n'chifukwa chake amamva ngati ndi manja a mlendo."

Zaka makumi anayi ndikugona nawo nyumba imodzi, chimenecho sindinachidziwe. A Jailosi anang'ung'udza masiku awiri, kenako anatumiza mng'ono wa mayi anu, amene ali nafe mpaka lero. Koma m'mawa wa Lachisanu lija ndinali ndidakali ndekha. Kabelu katalira ndinapita pakhonde, khutu likuwawabe. Ndinaima kumbuyo kwawo, ndinazunguliza chitenje pang'onopang'ono, n'kupisira kumanzere. Anayang'ana pansi, anagwira pamene ndinapisirapo, anakankhira m'kati pang'ono ndi chala chachikulu. Kenako anandipatsira beseni n'kunena kuti, "Tanyamulani inu lero, abambo a Takondwa. Tachedwa."